Dzanja Lamanzere

Chinsapo, Lilongwe
Julaye 2008

Wokondedwa mng'ono wanga Dyna,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu a Geoffrey ndi mwana wathu Miracle. Kodi chifuwa chija chinamuleka? Kuno tilipo, kungoti chisanu cha ku Lilongwe n'chopanda ulemu. Inu a ku Nchalo amene mumangodandaula kutentha, bwerani mudzatapeko chathuchi. Amalume akupereka moni.

Ndikudziwa kuti wandikwiyira. Makalata ako ndinalandira, osayankha. Sikunali kunyada ayi. Ndinalibe nkhope yolembera, chifukwa nkhani imene ndikanalemba nthawi imeneyo ndi yomwe iwe ndi alamu munkaiyembekezera: yoti zauphunzitsi zandikanika, mundisungire malo aja kuseri kwa kauntala ya golosale yanu. Lero nkhope ndili nayo, ndiye khala pansi.

Paja ukudziwa kuti tikatha chaka kukoleji amatitumiza kusukulu kukaphunzitsa chaka china, ndipo aphunzitsi a kukoleji amabwera kudzationa n'kutipatsa malikisi. Ine anandiponya konkuno ku Chinsapo, Sitandade 3. Ana opitirira zana, onse pasimenti, moti ukafuna kufika kumbuyo umachita kudumpha miyendo ngati ukudutsa m'mizere ya mbatata. Eni kalasi ndi Mayi Masiye, amene anapatsidwa ntchito yondiyang'anira. Ndi mayi abwino mtima, koma mawu awo ndi a kondakitala wa minibasi.

Amene anasankhidwa kuti azidzandiona ine ndi Bambo Wilkins, achikulire, owonda, osadziwa kuseka. Kukoleji tinkawatcha Achilala, chifukwa malikisi awo sagwa wamba. Tsiku lina ndinamva kuti akubwera mawa lake.

Mayi Masiye anandiona ndili ndwii, anati ndisavutike, mankhwala ake alipo ndipo iwo anakhozera omwewo. Anati ndiwauze ana kuti alendo akabwera, ndikafunsa funso aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Ine ndizingoloza a dzanja lamanja okhaokha, mlendo aone kalasi yonse ili nga-nga-nga ndi manja, aganize kuti ndine katakwe.

Dyna, ndinavomera. Usandiyang'ane choncho, mantha sakambirana ndi nzeru.

Belu loweruka litalira, ndinawaimitsa ana mwachangu. Ndili kutsogolo, nditawayang'ana, ndinakweza dzanja langa lamanja n'kunena kuti odziwa akweze ili, kenaka lamanzere n'kunena kuti osadziwa akweze ili. Mawu oti lamanja kapena lamanzere sindinawatchule. Onse anati eee, n'kuthamangira kunja. Chimene sindinaganize n'choti mwana akakuyang'ana amatengera mbali imene akuona, ngati pagalasi. Langa lamanja, kwa iwo linali lamanzere.

M'mawa mwake a Wilkins anakhala pampando kumbuyo. Phunziro linali la masamu, kuchotsera kobwereka. Ndinafunsa funso, manja onse m'mwamba, mtima wanga unati zatheka. Ndinaloza wa dzanja lamanja, mwana anaimirira n'kungoyang'ana kudenga. Ndinaloza wina, anayamba kudya kolala ya yunifomu. Wachitatu anandiuza kuti yankho ndi Lachiwiri. Thukuta linanditsika mpaka m'nsapato.

Kenaka ndinaloza kamtsikana kena, dzina lake Khadijah, mwana wa telala wa pamsika. Kanaimirira misozi ili mbwe-mbwe-mbwe, n'kunena mokweza kuti, "Madamu, inetu ndakweza lija munati la osadziwa, nde mwandilozeranji?"

Ndinalakalaka simenti itang'ambika.

Titatuluka, a Wilkins sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandifunsa mofatsa kuti ngati ana onse m'kalasi mwanga amadziwa zonse, ineyo ndabwera kudzatani ku Chinsapo? Anati sandilembera chilichonse tsiku limenelo, adzabweranso teremu yotsatira, ndipo akadzapezanso chionetsero m'malo mwa phunziro, dzina langa lidzachoka m'buku la koleji. Ndinalira njira yonse mpaka kwa amalume, ndipo kalata yako yoyamba inandipeza sabata yomweyo.

Chinandisowetsa mtendere kwambiri si manyazi ayi, koma mawu a Khadijah. Mwanayo sananame. Anandiuza poyera kuti sakudziwa, ndipo kanali koyamba chibwerereni kuti mwana andiuze zimenezo. Masiku onse ndikafunsa kuti mwamva, ankayankha eee mpaka malata kunjenjemera. Tsiku lina ndinawayesa dala, ndinafunsa ndi mawu omwewo kuti ndinu mbuzi? Kalasi yonse inati eee!

Ndiye ndinaganiza zoti chinyengo chija ndichisandutse chida. Ndinaima chowafulatira, kuti manja athu afanane, n'kuwaphunzitsa lamanja ndi lamanzere mpaka wamng'ono kwambiri anadziwa. Ndinawauza kuti kuyambira tsiku limenelo, kaya kuli alendo kaya kulibe, dzanja lamanzere likutanthauza kuti sindinamve, ndithandizeni, ndipo amenewo ndi amene ndiziyamba nawo.

Mayi Masiye anagwedeza mutu. Anati ndikuphunzitsa ana mwano, dzanja lamanzere silikwezedwa kwa akulu, komanso ndani angadzionetse umbuli pagulu? Pachiwiripo sananame. Sabata yoyamba panalibe dzanja lamanzere ngakhale limodzi. Ana anazolowera kuti wosadziwa amasekedwa, mwinanso kulawa kamtengo.

Chinandipulumutsa ndi Chichewa chathu cha ku Thyolo. Mnyamata wina atachedwa, anati amayi ake anamutuma kukasiya dowe pamsika. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Dowe n'chiyani? Ndisanaganize n'komwe, ndinakweza dzanja langa lamanzere. Ana anayamba phokoso: Madamu sakudziwa dowe! Anandizungulira, wina akujambula pabolodi, wina akuonetsa mmene amakukutira. Dyna, ndi mondokwa! Nditawauza kuti kwathu timati mondokwa, anaseka mpaka ena kugona chagada. Koma tsiku lomwelo, pa masamu, manja amanzere anatuluka ochepa, mwamanyazi, ngati bowa woyamba.

Kuyambira pamenepo ntchito inakula. Ndinawatuma kukatola timitengo kudambo, tinamanga mitolo ya khumikhumi ndi tizingwe ta matumba a shuga. Amene wamva ndinkamukhazika ndi amene sanamve. Masiku ena theka la kalasi linali la manzere, ndipo phunziro limodzi linkanditengera masiku angapo. Mayi Masiye ankati ndikutsalira pa silabasi, koma ndinaona kuti ayamba kumakhala m'kalasi m'malo mokaothera dzuwa panja.

Sabata yatha Lachinayi, ndikufufuta bolodi, ndinangoona a Wilkins ali pakhomo, atavala jekete, osatumiza ngakhale uthenga. Mayi Masiye anandinong'oneza kuti ndiwauze ana lero lokha asiye zamanzerezo. Ndinakana. Ndinati ngati n'kupita kugolosale, ndipite ndi chilungamo changa.

Ndinalemba pabolodi 23 kuchotsa 8. Nditafotokoza, ndinafunsa. Manja anakwera, ambiri amanja, koma amanzere analiponso, osabisala. Ndinawadumpha amanja onse n'kupita kwa amanzere, mmodzimmodzi, anzawo akuwathandiza ndi mitolo. Ndinafunsanso ndi nambala zina, amanzere anachepa. Sindinayang'ane kumbuyo kumene kunali alendo, ndinkaopa kuti mtima ungandilumphe.

Nditabwereza samu yoyamba ija komaliza, m'kalasi monse munali manja amanja okhaokha, kupatula limodzi. Kumbuyo kwenikweni kunali dzanja lamanzere lalitali, lovala wotchi. A Wilkins.

Ndinauma pomwepo. Sindinadziwe ngati akundinyoza kapena akundiyesa. Amene anandiwombola ndi Khadijah yemwe uja. Anati, "Madamu, agogo awo sanamve." Sanadikire kuti ndimutume. Anatola mitolo yake iwiri ndi timitengo titatu, anadumpha miyendo ya anzake, n'kukagwada pafupi ndi mpando wawo.

A Wilkins anamuuza nkhope ili gwa kuti samu imeneyi njosatheka, munthu sangachotse zisanu ndi zitatu pa zitatu. Khadijah anawayang'ana mwachifundo, n'kunena kuti, "Musadandaule agogo, nanenso poyamba zinkandivuta. Masulani mtolo umodzi." Iwo anati kodi si kuba kumeneko? Iye anati ayi, n'kubwereka, mtolowo ndi wanu womwe. Anawagwira zala, anamasula nawo kachingwe, anawerenga nawo mpaka anapeza 15. Atatha anawalangiza kuti tsiku lina asamadikire mpaka kumapeto, azikweza msanga, chifukwa safunsa anadya phula.

Dyna, Achilala anaseka. Ndinawaona mano ndi maso angawa, ndipo ali ndi kampata kutsogolo. Kalasi yonse inawaombera m'manja monga timachitira mnzathu akamvetsa, iwo n'kuimirira kulandira.

Panja anandifunsa kuti njira imeneyi ndinaitenga m'buku liti. Ndinawauza zoona, kuti ndi bodza lomwe lija, ndangolitembenuza. Anati aona makalasi ambiri m'moyo wawo, ndipo ambiri mwa iwo ana amaphunziramo kubisa. Analemba papepala lawo, anandionetsa, ndipo sindikuuza malikisi ake kuopa ungati ndikudzitama. Ndingoti mvula inagwa. Pondisiya anandigwira chanza n'kunditchula kuti aphunzitsi, osati mwana wanga monga kale.

Ndinabwerera m'kalasi ndikulira, ana n'kudabwa kuti alendo andimenya. Mayi Masiye analiza nthungululu mpaka a hedi anatuluka mu ofesi. Tsopano akuuza aliyense kuti maganizo a manja anali awo, ndipo ine sinditsutsa, pakuti mbali ina akunena zoona.

Tsono pempho langa ndi ili. Uwauze alamu a Geoffrey kuti ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima chifukwa chondisungira malo, ndikudziwa kuti munkandifunira zabwino. Koma malowo apatse wina. Ine sindibwera kudzayeza mchere ndi sopo. Ndili ndi ana opitirira zana kuno amene aphunzira kunena kuti sindinamve, ndipo sindingawasiye ndisanawayankhe.

Ukapita ku Thyolo ukawawerengere amayi kalatayi, koma pa chinyengo paja uwerenge mothamanga. Ukawauze kuti mwana wawo wakhoza, ndipo chaka chikatha adzakhala mayi a aphunzitsi. Undiperekere moni kwa alamu, kwa apongozi ako, ndi kwa onse oyandikana nawo. Miracle umupsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane pa tchuthi.

Ndine mkulu wako wokukonda,

Zipora
Mphunzitsi wa Sitandade 3