Mapu a Mayi Comeau

Lolemba, 12 Meyi

Madzi a m'nyanja anaphwa cha m'ma 6 m'mawa. Ndinapita Kuseri, malo athu achinsinsi okolola ndere, ndisanalowe m'kalasi. Ndere za dalisi, zodyedwa zija timagulitsa, zayamba kutalika, zofiirira bwino, koma zidikire kaye masabata awiri. Njira yozungulira ngati kale: kumanda, m'mitengo ya paini, kenako kutsetsereka phompho. Palibe anandiona.

Kusukulu kunabwera munthu wa boma, Mayi Comeau. Jekete yatsopano, nsapato zosadziwa matope. Akuti boma limiza makina mumpata wa pakati pa chilumba chathu ndi mtunda, kuti madzi akamathamanga podzaza ndi pophwa azipukusa magetsi. Akuti tidzaiwala jenereta ya dizilo. Darcy, wapakamwa wa m'kalasi mwathu, anafunsa kuti, "Makinawo azitiduliratu nsomba m'mapisi, madamu?" Onse kuseka. Mayiwo anaseka nawo, koma maso ali pa wotchi.

Banja lililonse alipatsa mapu. Tilembe pamene timatchera nkhanu ndi pamene timakolola ndere, kuti chingwe cha magetsi chisadzatulukire pamenepo. Ndiye kuti tidziulule tokha, ndi cholembera chathu chomwe.

Lachinayi, 15 Meyi

Mapu akhala patebulo masiku atatu. Amayi akuti ndilembe ine, poti chichokereni Ababa kukagwira ntchito ya mafuta kumadzulo, wopita Kuseri ndine.

Mwala umodzi wautali pansi pa phompho, woonekera pokhapokha madzi akaphwa kwambiri. Ndi womwewo. Koma ndere zake ogula a kumtunda amazidziwa ndi fungo. Ndalama ya mafuta otenthetsa nyumba nthawi yozizira imachokera pamenepo.

Ababa pafoni: "Agogo ako anamwalira osauza ngakhale abusa. Iwe ukauze boma?"

China. Mayi Comeau akugona kwa a Orrin Guptill, poti ndi okhawo ali ndi chipinda cha alendo. A Orrin omwewo, a boti la injini ndi ana aamuna atatu, onse okolola ndere. Mapu onse azikagona patebulo lawo. Sindine mwana.

Ndathetha mtanda pa Gombe la Mchenga, pomwe sipamera kanthu. Ndasaina: Lyman Thurber.

Lachitatu, 28 Meyi

Matumba anayi. Msana ukuwawa, zala zachita dzanzi. Ndayanika pamiyala kuseri kwa nyumba, dzuwa lilipo. M'kalasi ndinagona pa masamu.

Padoko a Orrin anayang'ana thumba langa, kenako nsapato zanga. "Mwana wa Thurber, ndere zako zimamera m'manda kodi?" Ana awo kugwa ndi phwete. Akufufuza. Mawa ndisintha njira.

Magetsi anazimanso masana. Amayi akuti bola makinawo abwere, atopa kutaya nyama ya m'furiji. Ine ndikuti boma silipatsa munthu chinthu ndi manja onse awiri. Dzanja lina limakhala m'thumba mwako.

Lachisanu, 6 Juni

Apachika mapu aakulu kupositi. Madontho ofiira kuzungulira chilumba chonse, paliponse pali mwini. Malo oyera ndi amodzi okha. Ndipo mzere wakuda wa chingwe walunjika pomwepo.

Kuseri.

Pansi alemba kuti malowa palibe amawagwiritsa ntchito. Adzaswa mwalawo, adzakumba ngalande, ntchito kuyamba Ogasiti.

Ndinaima pamenepo mpaka mayi wa papositi anati, "Ukugula sitampa kapena ukuloweza chilumba?" Ndinatuluka.

Dontho langa labodza lilipo, lofiira bwinobwino pa Gombe la Mchenga. Ndateteza mchenga.

Lolemba, 9 Juni

Ndinawadikira Mayi Comeau padoko la pantoni, kuti ndisawapeze kwa a Orrin. Ndinawauza motsitsa mawu. Anatsegula chikwama, natulutsa mapu anga. Siginecha yanga ili apo.

Sanakalipe. Anangoti, "Lyman, ndiwe wachisanu kundiuza kuti unanama. Koma anzako ananama pamalo oti chingwe sichidutsa."

Akuti sangasunthe mzere chifukwa cha mawu a munthu mmodzi amene wawanamiza kale. Njira ndi imodzi: msonkhano wa Lachitatu muholo, pamaso pa onse. Ndiloze malowo ndi chala, ndipo anthu atatu osakhala abale avomere kuti anationapo tikukolola pamenepo.

Atatu! Zaka makumi asanu banja lathu lakhala likuonetsetsa kuti pasapezeke ngakhale mmodzi.

Kapena ndi msampha. Kapena anapangana ndi a Orrin kuti mzerewo auike dala pamenepo, ine nditsegule pakamwa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndawauza Ababa. Pafoni ndimamva makina akulira kumbuyo kwawo. Kenako: "Unalemba ndiwe, mwana wanga. Ukonzenso ndiwe." Sanati ndiulule, sanati ndisaulule.

Ndikakhala chete, aswa mwala. Ndikayankhula, mboni palibe, aswabe mwala, ndipo ndere za chaka chino azimaliza ana a Orrin Loweruka lisanafike. Ndipo chilumba chonse chidziwa kuti ndine wabodza.

Amayi asita malaya anga oyera osandifunsa. Awapachika pachitseko.

Sindinadye.

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo holo inadzaza, fungo la khofi ndi majekete onyowa. Mayi Comeau anayankhula za mitengo ya magetsi, za ntchito khumi ndi ziwiri, za nsomba zomwe akuti zimadziwa kuzemba makina. Kenako anafunsa ngati pali wodandaula ndi mzerewo.

Ndinaimirira. Darcy kumbuyo: "Taonani, limayankhula!" Ndinafika pa mapu, ndinaika chala. Ndinati ndinanama, malo athu ndi awa, kuyambira nthawi ya agogo.

Mayiwo anafunsa mboni. Ine maso pansi.

Mpando unalira. A Orrin. "Ine ndinamuona agogo ake, ndinamuona bambo ake, ndipo uyu ndimamuona madzi akaphwa, akutsika phompho chamatako ngati nkhanu." Holo yonse kuseka. Nditadzutsa mutu, manja anali m'mwamba. Ndinawerenga khumi ndi anayi. Mayi wa papositi. Abusa. Ngakhale Darcy.

Mayi Comeau anafunsa chifukwa chake palibe analemba malowo ngati onse amawadziwa. A Orrin anawayang'ana ngati afunsa zachibwana. "Munati tilembe malo athu, mayi. Amenewo ndi a kwa Thurber."

Mzere ausuntha. Analemba pamaso pathu, tonse tinasaina. Chingwe chikatulukira pa Gombe la Mchenga, poti tsopano zadziwika kuti mwini wake ndi wabodza. Anatero ndi a Orrin, anthu n'kusekanso.

Ababa nditawauza anafunsa kawiri kuti, "Khumi ndi anayi?" Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Ine sizikundiseketsa. Zaka zitatu ndikudzuka kusanache, kuzungulira manda, kufufuta mapazi m'matope. Ndimati pachilumba pano woona anzake ndine.

Boma sindikulikhulupirirabe. Pepala lasainidwa, inde, koma Ogasiti ali kutali, ndipo mizere ya pa mapu imayenda yokha m'maofesi.

Lero madzi anaphwa cha m'ma 7. Ndinaima pageti ndi matumba anga, osadziwa kolowera. Msewu wolunjika ndi mphindi khumi, koma umadutsa pakhonde pa a Orrin. Ndinaona utsi wa kaliwo wawo, analipo, kapu m'manja.

Ndinadzera kumanda.