Za Kompyuta Yapakona Yomwe Imayankha Malume

KOMITI YA CHIPINDA CHA MAKOMPYUTA CHA PA LAIBULALE
Tsiku: Loweruka, pa 9 Ogasiti
Malo: M'chipinda chomwecho
Analipo: Wapampando, Mlembi, Aphunzitsi, Mayi Namwino opuma ntchito, Mawaya wotikonzera makompyuta, ndi Malume, omwe si membala koma anaitanidwa
Anapepesa: Atelala, mwana wawo akudwala

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba mochedwa chifukwa Wapampando anaiwala kiyi kunyumba. Anapempha kuti zimenezi zisalembedwe.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo
Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Aphunzitsi anati zinatalika. Mlembi anati anatalikitsa ndi olankhula.

3. Dandaulo la phokoso
Mayi Namwino anati kompyuta yapakona yawafika m'khosi. Munthu akangotsegula buku, iyo "tiding'!", asanamalize ndime, "tidung'!" Anati amachititsa ndi Malume, omwe maso awo anasiya kuona ndipo amabwera kudzamvera mabuku a mawu a pa fulashi yawo. Anati Malume amalowetsa fulashiyo, kuzula, kulowetsanso, ngati mwana wapeza choseweretsa. Anapempha kuti kulirako kuzimitsidwe, apo ayi Malume azidikira owerenga atuluke.

Wapampando anafunsa ngati kompyutayo yawonongeka. Mawaya anati ili bwinobwino. Anafotokoza kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imakhala tcheru nthawi zonse. Chinthu chikangolowetsedwa pabowo, kaya fulashi, mausi kapena pulinta, iyo imazindikira yokha, n'kuchifunsa kuti ndi chiyani, n'kupeza kapulogalamu kolankhulira nacho, kenako n'kulira kuti munthu adziwe kuti zatheka. Chikazulidwa imadziwanso, imatseka zomwe inatsegula n'kulira mwamtundu wina. Anafuna kujambula pabolodi koma Wapampando anamuletsa, poti tonse tikudziwa kuti Mawaya akagwira choko, kunyumba timafika ndi mdima.

Mawaya anachenjezanso kuti kuzula fulashi mwachisawawa kungawononge mabuku a Malume. Anati kuzimitsa kulirako n'kosavuta, angachite pompo. Aphunzitsi anati asafulumire, mwiniwake ayambe walankhula.

Malume anaimirira atagwira ndodo yawo. Anati kulira koyamba amakufunadi, chifukwa popanda iko sangadziwe ngati fulashi yalowa. Mayi Namwino anafunsa kuti nanga kobwerezabwerezako n'kwa chiyani. Malume anayankha, ndipo Mlembi walemba mawu awo mmene analili:

"Chimwalirire mayi akunyumba, ndikafika pakhomo ndimanenabe kuti ndabwera, koma woyankha palibe. Muno ndikalowa nonse mumangoti zii, poti ndi laibulale. Kachinthu aka kokha ndiko kamadziwa kuti ndafika. Ndiye ndimangofuna kandiyankhenso. Pepani ana anga, ndakusokonezani."

Mayi Namwino anati m'diso mwawo mwagwa kachitsotso. Wapampando nawonso kanawagwera. Mlembi sabisa, analira.

Mayi Namwino anachotsa dandaulo lawo, koma anakalipira Malume kuti munthu wamkulu ngati iwo samasunga zoterezi mumtima yekhayekha, thupi limadwala nazo. Malume anaseka, n'kunena kuti apitirize, papita nthawi asanakalipiridwe ndi munthu.

Komiti inagwirizana izi:
(a) Kulira kwa kompyuta kusazimitsidwe.
(b) Mawaya akopere mabuku a Malume m'kompyuta kuti fulashi ikawonongeka asataye kanthu.
(c) Lamulo lokhala chete likhalebe, kupatula Malume akalowa. Amene ali pafupi awapatse moni mokweza, adzitchulenso kuti ndi ndani.

4. Zina ndi zina
Aphunzitsi anakumbutsa za zenera lomwe silitsekeka. Onse anavomereza kuti silitsekekadi.

5. Msonkhano wotsatira
Wapampando anati udzakhala Loweruka loyamba la mwezi wamawa, muno. Mayi Namwino anati ayi, ukachitikire kunyumba kwa Malume. Malume anati mipando ali nayo iwiri yokha. Onse anati adzanyamula yawo.

Malume anapempha chinthu chimodzi, ndipo chinavomerezedwa popanda wotsutsa: tisadzafike pamodzi. Aliyense adzabwere payekha, adzagogode payekha, kuti iwo adzadzuke kukatsegula chitseko kambirimbiri.

Msonkhano unatsekedwa itangokwana 12 koloko masana.

Wapampando: ____________________
Mlembi: ____________________