Mphira za pa Marimu

Lolemba, 3 Juni

Ndakwechanso rimu pa kasimenti ka pageti. Lakutsogolo kumanzere. Kachinayi mwezi uno usanapite n'patali, ndikaphatikiza za Meyi. Geti ndi lomwelija, ndinamangitsa ndekha. Latani kuchepa?

Diso lakumanzere lili ngati galasi la m'bafa, nthunzi yokhayokha. Sindinauze munthu.

Nesi, mwana wathu woyamba, akubwera Loweruka. Amaona chilichonse mwana uja. Akaona zipserazi makiyi andilanda basi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikuyendetsa galimoto.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndagula timalamba ta mphira tomata m'mphepete mwa marimu. Timateteza, komanso timabisa zokandika. Tinayi, tofiira. Takuda tatha. Wogulitsa akuti, "Bambo, izi n'zosavuta, ngakhale mutatsinzina." Ndaseka nawo.

Ndalama yake inali ya magetsi. Mayi a kunyumba sindinawauze.

Kapepala ka malangizo zilembo ngati nyerere. Chithunzi chachitatu sindikuchimvetsa. Muvi ukuloza mkati kapena kunja?

Lachitatu, 5 Juni

Tsiku lonse pa kampando, pambali pa galimoto. Ndowa, sopo, sipiriti, lumo. Kutsuka, kupukuta, kudikira kuti ziume. Kumatula kapepala kakumbuyo pang'onopang'ono, kumata, kusindikiza ndi chala chachikulu.

Tayala loyamba, lamba waperewera zala zitatu. Lachiwiri, watsala wautali. Matayala ofanana, malamba ofanana. Zatheka bwanji?

Tayala lachitatu ndamata bwinobwino mpaka kuzungulira. Aneba, amakaniko aja, anasuzumira pampanda: "Achimwene, mwamata pa tayala, rimu mwalisiya." Ndinati ndimayesa guluu kaye. Anangoti, "Ehe." Sanachoke msanga.

Msana. Mawondo. Zala zonse guluu.

Lachinayi, 6 Juni

Ndamatula, ndamatanso. Guluu watha mphamvu. Ndikasindikiza uku, uko kwadzuka.

Mayi a kunyumba anabwera ndi tiyi, n'kuima pamenepo kapu ili m'manja. "Galimoto mukuipaka milomo, ikukwatiwa?" Kenako anagwada, n'kuwongola lamba ndi chikhadabo, osafunsa kanthu. Pomwe ine ndimaona mzere wowongoka iwo akuti panali pokhota ngati njoka.

Akudziwa? Akanadziwa akanalankhula. Samasunga mawu mayi amenewa.

Atatu atheka. Rimu lachinayi tamanga polumikiza ndi tepi yakuda.

Lamulungu, 9 Juni

Dzulo sindinalembe.

Ndinapita kukamutenga Nesi pa depoti masana. Marimu ofiira, galimoto yotsuka. Ndinazungulira kawiri, osamuona. Ndinaima, n'kumuimbira foni, ndili wokwiya. Wina anagogoda pa windo lakumanzere. Iyeyo, thukuta lokhalokha, chikwama paphewa. Akuti anaimika dzanja maulendo onse awiri, anachita kukuwa. Ndinamudutsa pafupi moti anakhudza galasi.

Marimu sanawayang'ane n'komwe.

Anati, "Adadi, sunthirani uko, ndiyendetse." Mwaulemu. Ndikanakonda akanakalipa.

Njira yonse phazi langa likufunafuna buleki pansi popanda kanthu. Nanga akanakhala mwana wa eni akuwoloka msewu?

Lachitatu, 12 Juni

Kuchipatala cha maso. Tonse atatu. Ndinavala jekete ngati wopita kukhoti. Usiku wonse ndimakonzekera kumva kuti basi, mdima ukubwera.

Adokotala anaunika ndi katochi. Ng'ala. Akuti amachotsa, ntchito yosakwana ola, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ananena ngati akunena zometa tsitsi. Za kuyendetsa tidzaona diso likapola.

Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati miyezi iwiri. Mayi a kunyumba, maso ali m'chikwama: "Zaka ziwiri, adokotala. Chiyambire kuthira tiyi pa tebulo kapu ili pambali."

Zaka ziwiri. Amangopukuta tebulo, osanena.

Ndiye ine ndimabisira ndani?

Opaleshoni pa 26. Nesi wapempha tchuthi. Ndikufuna kuwafunsa mayi chifukwa chake sanalankhule, koma ali m'khichini akuimba, ndipo ine sindikudziwa poyambira.