Ampulifaya ya ukwati wa Agnesi

Lachinayi. Kwatentha, ndipo mtima wandilemera.

Akatekisiti abweretsa ampulifaya ya kutchalitchi panjinga. Akangoiyatsa, fyuzi imapsa. "Achimwene, Loweruka ilire ndithu, paja ndi ukwati wa Agnesi." Sakudziwa kuti Agnesiyo anandikana ine chaka chatha.

Ndatsegula mbali yolowera magetsi. Ambuye mundikhululukire, poyeza thiransifoma ndinali kupemphera chamumtima kuti ikhale yopsa, poti yotere sipezeka kuno ku Golomoti. Ili bwinobwino. Chapsa ndi kachipangizo kamodzi kakang'ono, kadayodi, ndipo kena ndinali nako m'chitini. Ndakayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka ndawotcherera.

Yayaka, fyuzi osapsa. "Inde" wa Agnesi adzamveka mpaka kumsewu. Akatekisiti akuti ndidzakhale pafupi ndi guwa, dzanja pa voliyumu...