Muno Simulowa Feteleza

Lachinayi, Khirisimasi itangopita. Mvula yowaza tsiku lonse, pa Namitete pali zii.

Foni sinalire ngakhale kamodzi. Masana achimwene anabwera ku ofesi kwanga, anayang'ana kompyuta, n'kuti, "Poti bizinesi yafa, ndisungemo matumba a feteleza muno, eti?"

Ndinawayankha kuti, "Achimwene, feteleza adzalowa muno ine nditafa."

Iwo sadziwa. Sukulu zonse zogwiritsa ntchito pulogalamu yanga ya pakompyuta zinasindikiza malipoti a ana zisanatsekere, popanda mphunzitsi wondiimbira kuti yavuta. Chaka chatha ankandiimbira ngakhale ndili pa Misa. Bata limeneli ndalivutikira chaka chathunthu, ndiye wina azilitcha maliro?

Mawa nditsegula seveni koloko ngati kale, ndipo achimwene akangoyerekeza kubwera ndi ngolo ya feteleza wawoyo...