Botolo la Pansi pa Bedi

Okondedwa bambo a Kapitawo,

Ndikhulupirira muli bwino kuntchitoko. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Foni yanu sikugwira, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole yakwanuko.

Kapitawo wathu amugoneka m'chipatala. Chifuwa chija chinakula, anayamba kubanika, nthiti kuchita kulowa mkati akamapuma. Atamujambula anapeza madzi m'mbali mwa phapo. Amubowola mmunsi mwa khwapa n'kulowetsa kapaipi kotsikira m'botolo pansi pa bedi. Madzi ake ndi achikasu, osayera. Akakhosomola m'botolomo mumachita thovu.

Amayi anu akuti umenewo ndi mkaka wanga, ndimamuyamwitsa chogona ndiye unasochera. Akuti ndimumane bere ndi madzi omwe kuti aume mkati. Ndinakafunsa anesi ndikulira. Anandiseka kuti mayi, mwana si ndowa. Akuti malo akatupa ndi matenda timitsempha ta magazi timachucha, monga mmene thuza limadzadzira madzi munthu akapsa ndi moto. Akuti ndiziyamwitsa ndithu.

Anandichenjezanso kuti botololo lisakwere kuposa bedi, zoipazo zingabwerere m'chifuwa. Dzulo ndikuchokera kochapa matewera, ndinapeza amayi alinyamula m'mwamba pawindo, akusuzumira kuti aone mkakawo. Ndinakuwa n'kuwalanda. Ine amene, kukuwira apongozi! Wodi yonse inatembenuka.

Tsopano sakundilankhula. Aitanitsa achimwene anu kuti adzakakamize adokotala kuchotsa paipi, mwana tipite naye kunyumba. Adokotala akuti akaichotsa msanga, madzi adzadzanso, phapo lifinyika.

Bambo, amayi samva wina aliyense koma inu. Bwerekani foni muwaimbire. Musawakalipire, nawonso ndi mantha, ndawaona akupukuta misozi m'khonde. Muwauze kuti mwanayu ndi wanu ndipo paipi isachoke. Za kukuwa kuja ndidzawagwadira Kapitawo akachira.

Mwana amene amatilamula tonse uja, lero sakuloza ngakhale kapu yake. Akungondigwira chala.

Mulungu akusungeni. Moni kwa alamu amene mumagona nawo nyumba imodzi.

Ndikulemba nditakhala pansi, botolo lili pakati pa miyendo yanga. Kuchapa ndasiya, ngakhale kubafa sindikupita. Pano sindisunthapo mpaka foni ya amayi italira.

Ndine wanu,
Mayi a Kapitawo