Katemera ndi Masamba a Kabichi

A Dragoljub,

Pa amuna onse a mumsewu uno palibe wosamala mkazi ngati inu, ngakhale kuti sayansi munaisiya pakhomo la sukulu.

Ndapita kukabayitsa katemera wa chifuwa chokoka mtima. Mwana wathu Vesna wanenetsa kuti wosabayitsa sanyamula khanda lake, ndipo ine sindingamaonere mdzukulu wanga pawindo. Uchi wa adyo umene munandikonzera kuti ulimbitse thupi ndautayira mwangozi pa malaya anu oyera. Pepani, anyikeni m'madzi msanga. Masamba a kabichi omanga pamkono asungeni. Mkonowu ukapanda kutupa, tiwadya madzulo.

Munati mundiperekeza kuti mukandigwire dzanja. Zikomo bambo, koma ayi. Mukakomoka poona singano, wokunyamulani ndi ine ndemwe.

Radmila wanu